Lipoti la ntchito: kulumikiza pulinta ya pa netiweki ku kompyuta yakale ya Windows 7

Dandaulo ndi zipangizo zake

Ntchitoyi inachitika m'nyumba ya banja lina lomwe limasindikiza makalata, mapologalamu a kutchalitchi ndi ntchito za ana za kusukulu. Eni nyumba anagula pulinta ya laser ya HP LaserJet yogwiritsidwapo kale ntchito, yosindikiza zakuda zokha, yotha kutembenuza yokha pepala, ndipo kumbuyo kwake kuli poti ya USB ndi ya Ethernet. Ankafuna kuti ikhale pabalaza pambali pa rauta, aliyense azitumizako ntchito ali pomwe ali: mwana wamkulu pa laputopu yake ya Windows 10, bambo pa kompyuta yawo yaikulu ya m'chipinda chowerengera. Dandaulo linali lakuti kompyuta yaikuluyo siikuiona pulinta ngakhale aifufuze chotani, ndipo wina anali atawauza kale kuti vuto ndi ukalamba wa kompyutayo, bola agule ina.

Kompyutayo ndi Dell OptiPlex ya Core 2 Duo, RAM ya 2 GB, Windows 7 Professional ya 32-bit yokhala ndi Service Pack 1, yolumikizidwa ku rauta ndi chingwe chodutsa m'mbali mwa khoma. Rauta ndi ya 4G yoikamo SIM khadi, ya mapoti anayi a LAN. Adiresi yake ndi 192.168.8.1 ndipo imagawa maadiresi kuyambira 192.168.8.100 kulekeza 192.168.8.200.

Za ukalambazo zinalibe maziko. N'zoona kuti Windows 7 inatuluka mu 2009 ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, ndipo pa nkhani ya chitetezo cha pa intaneti imeneyo ndi nkhawa yeniyeni. Koma kusindikiza pa netiweki ndi ntchito yopepuka zedi. Dalaiva, kapologalamu koyendetsera pulinta, amasandutsa chikalata kukhala chilankhulo chimene pulinta imamva, kompyuta n'kutsegula njira yopita ku adiresi ya pulintayo pa poti 9100 (nambala ya khomo la pa netiweki, osati poti yolowetsamo chingwe), n'kukhuthulira zonse kumeneko. Njira imeneyi inalipo Windows 7 isanabadwe. Chimene kompyuta yakale imavutika nacho ndi kudzipezera yokha pulinta ndiponso kudzitengera yokha dalaiva pa intaneti. Ziwirizi zikachitidwa pamanja, zaka za kompyuta sizilowapo. Ndiye ntchito inayambira pa pulinta payokha, kenako adiresi yake, kompyuta n'kubwera pambuyo.

Pulinta payokha

Choyamba kuwerengedwa chinali sitika ya kumbuyo. Mapulinta ambiri a laser salandira magetsi alionse. Amapangidwa a mitundu iwiri, ena a 110–127 V, ena a 220–240 V, ndipo magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 V. Pulinta yopangidwira ku America ikalowetsedwa pa soketi popanda thiransifoma imapsa pomwepo, choncho pa chipangizo chogula kwa munthu sitikayo iwerengedwe pulagi isanalowe. Iyi inali ya 220–240 V.

Inapezeka italumikizidwa ku UPS ya 650 VA yomwe imasunga rauta kwa kanthawi magetsi akathima, ndipo inachotsedwapo n'kupatsidwa soketi yakeyake yokhala ndi chotetezera magetsi akabwera ndi mphamvu. Mkati mwa pulinta ya laser muli chotenthetsera chotchedwa fuser, chimene chimasungunula tona kuti imatirire papepala. Chikamayamba kutentha chimakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, oposa amene UPS yaing'ono ingapirire. UPS imalira, n'kuzima, rauta n'kuzima nayo ntchito ili mkati. Inveta yaing'ono ya sola imachita chimodzimodzi.

Chingwe nacho chinali ndi vuto. Poti ya Ethernet imakhala ndi timagetsi tiwiri: chingwe chikalowa bwino mbali zonse, kamodzi kamayaka osazima, kena kamaphethira deta ikamadutsa. Apa tinkazima munthu akangogwedeza tebulo, chifukwa kapulasitiki kogwirira pulagi ya RJ45 kanali katathyoka. Chinalowa m'malo mwake ndi chingwe cha Cat5e cha mamita awiri, ndipo chinaikidwa pa LAN2. Poti yolembedwa LAN/WAN inasiyidwa dala, popeza imatha kusintha ntchito malinga ndi mmene rauta yakonzedwera.

Kenako pa menyu ya pulinta, pansi pa Reports, panasindikizidwa pepala la masetingi a netiweki. Pepala limeneli ndi limene linaulula gwero la dandaulo lonse. Panalembedwa kuti IP Address ndi 10.20.4.31, Subnet Mask 255.255.255.0, Default Gateway 10.20.4.1, ndipo adiresiyo inaikidwa pamanja, Manual. Pulintayo inali ikadali ndi adiresi ya ku ofesi komwe inkagwira ntchito kale. Mask ya 255.255.255.0 imatanthauza kuti zipangizo ziwiri zimalankhulana mwachindunji pokhapokha manambala atatu oyambirira a maadiresi awo akufanana. M'nyumbayi zonse zili pa 192.168.8, pulinta ili pa 10.20.4. Ngakhale kompyuta yogulidwa dzulo sikanasindikiza.

Masetingi a netiweki anabwezeretsedwa mmene analili ku fakitale kudzera pa menyu yomweyo, pa Restore defaults ya gawo la netiweki. Ndi gawo lokhalo loyenera kufufutidwa. Palinso njira zina zakuya zofufutira zimene amisiri amagwiritsa ntchito akamasintha bolodi, koma zimatha kuchotsa ndi zosafunika kuchotsedwa, ndipo pano sizinkafunika. Pulinta itazimitsidwa n'kuyatsidwanso, pepala latsopano linaonetsa 192.168.8.104, yolandiridwa kwa rauta kudzera pa DHCP, njira imene rauta imagawira yokha maadiresi. Adiresiyo italembedwa mu browser ya laputopu, tsamba la pulinta linatseguka, likuonetsa kuchuluka kwa tona ndi masamba amene yasindikizapo chiyambire kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti pulinta, chingwe ndi rauta zili bwino, ndipo chilichonse chotsala chili mu kompyuta yakaleyo.

Adiresi yosasuntha

Apa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimaonongekera. Munthu amathamangira ku kompyuta, n'kuika pulinta pa 192.168.8.104, pepala n'kutuluka, aliyense n'kukondwa. Pakangopita masiku, yasiyanso.

Chifukwa chake ndi DHCP. Adiresi yochokera kwa rauta ili ngati mpando wa mu minibasi: wakhala pamenepo lero chifukwa ndi pomwe wapeza, mawa pakhala wina. Rauta imabwereketsa adiresi kwa nthawi yoikika, ndipo marauta ambiri a m'nyumba akazima amaiwala amene anamubwereka. Magetsi akabwera zipangizo zonse zimapempha nthawi imodzi, mafoni, TV, laputopu, ndipo nambala 104 imatha kupita ku foni ya mwana, pulinta n'kulandira 107. Kompyuta imapitirizabe kutumiza ntchito ku 104. Palinso china. Pulinta imadzuka msanga kuposa rauta ya 4G, yomwe imatenga mphindi kapena kuposerapo isanayambe kuyankha. Pulinta ikapempha adiresi osayankhidwa imadzipatsa yokha ya 169.254, kapena pa mapulinta ena akale a HP 192.0.0.192. Aliyense woona manambala amenewa pa pepala la masetingi adziwe kuti pulinta sinamvane ndi rauta. Kumene magetsi sathimathima vutoli limatha kubisala miyezi. Kwathu kuno silichedwa kuonekera.

Njira zothetsera ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuuza rauta kuti nthawi zonse izipereka adiresi imodzimodzi kwa chipangizo cha MAC address yakutiyakuti, nambala ya zilembo 12 yomwe imapezeka pa pepala la masetingi lija. Yachiwiri ndi kuika adiresi mu pulinta momwemo. Pa nyumbayi inasankhidwa yachiwiri, chifukwa pulinta yokhala ndi adiresi yakeyake sidikira rauta kuti idzuke, ndipo wina akadina kabatani ka Reset pa rauta, zomwe zimachitika intaneti ikamavuta, adiresi ya pulinta sifufutika nawo. Kuipa kwake n'komwe kunaoneka kale pa 10.20.4.31: netiweki ikasintha, pulinta imatsala kumbuyo.

Adiresi yoikidwa pamanja iyenera kukhala kunja kwa chigawo chimene rauta imagawa, apo ayi tsiku lina rauta idzaipereka kwa foni ndipo zipangizo ziwirizo zidzalimbirana nambala imodzi. Popeza rauta imayambira pa 100, inasankhidwa 192.168.8.50. Isanaikidwe, pa laputopu panalembedwa `ping 192.168.8.50` kutsimikiza kuti palibe chimene chikuyankha pamenepo. Kenako pa tsamba la pulinta, pa Networking, njira inasinthidwa kuchoka pa DHCP kupita pa Manual, n'kulembamo adiresi 192.168.8.50, mask 255.255.255.0, gateway 192.168.8.1. Mukangodina Apply tsambalo limaoneka ngati lafa. Sikuti chalakwika, pulinta yangosamuka, ndipo imapezeka polemba adiresi yatsopanoyo. Pomwepo panaikidwanso pasiwedi ya tsambalo kuti ana asamasinthe zinthu.

Mkati mwa kompyuta

Pa Start panalembedwa `cmd`, ndipo pa windo lakuda `ipconfig` inaonetsa 192.168.8.101, m'chigawo chimodzi ndi pulinta. `ping 192.168.8.50` inabweza mizere inayi ya Reply from. Pa ping m'pofunika kuwerenga mzere wonse, chifukwa Windows 7 imatha kulemba Reply from n'kumaliza ndi Destination host unreachable, pansi pake n'kunena kuti palibe chatayika. Amenewo ndi mawu a kompyuta yomweyo kapena a rauta, kunena kuti pulinta sinapezeke. Yankho lenileni limakhala ndi bytes, time ndi TTL.

Ping imangonena kuti chipangizo chilipo, sinena kuti chikulandira ntchito. Choncho Telnet Client, pologalamu yotha kuyesa ngati poti ndi yotsegula, inayatsidwa pa Turn Windows features on or off, n'kulemba `telnet 192.168.8.50 9100`. Windo linasanduka lakuda bii, kakasa kokha kakuphethira pakona ya m'mwamba. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti poti ndi yotsegula. Pamenepo musalembe kanthu, chifukwa chilichonse cholembedwa chimatha kukatuluka papepala, dinani Ctrl ndi ] pamodzi, kenako `quit`. Poti ikakhala yotseka pamabwera uthenga wakuti Could not open connection.

Chinapezekanso chifukwa chimene kufufuza kwa eni nyumba kukanalepherabe ngakhale adiresi itakonzedwa. Mu Network and Sharing Center netiwekiyo inalembedwa kuti Public network, ndipo pa Public Windows 7 imazimitsa Network discovery. Ambiri amangoisintha kukhala Home. Pano inasiyidwa momwemo. Njira imene inagwiritsidwa ntchito sifuna kufufuza kulikonse, kompyuta ndi imene imayamba kulankhula ndi pulinta, ndipo pa Windows yosalandiranso zigamba (ma update) za chitetezo ndi bwino kuti zitseko zake zikhale zotseka.

Wotchi ya kompyuta inali m'mbuyo ndi zaka zambiri, chizindikiro chakuti kabatire ka CR2032 ka pa bolodi katha. Deti likalakwika masamba a https amakana kutseguka, ndipo n'chimodzi mwa zimene zinachititsa eni ake kuganiza kuti kompyutayo yatheratu. Kabatireko kanasinthidwa, deti n'kukonzedwa mu BIOS, menyu ya masetingi a bolodi. Musanachotse kakaleko onani kaye mmene SATA, njira yolumikizira hard disk, yaikidwira, kaya AHCI kaya ATA, chifukwa BIOS ikabwerera ku masetingi ake oyamba Windows 7 imatha kukana kudzuka, n'kuonetsa sikirini ya buluu ya 0x0000007B.

Mu Devices and Printers munali zotsalira za kuyesayesa kwa m'mbuyomu: dzina la pulinta, lina lokhala ndi Copy 1, linanso Copy 2, onse akuloza ku mapoti a USB. Anachotsedwa ndi Remove device. Kuchotsa chithunzi cha pulinta sikuchotsa dalaiva wake, ndiye panalembedwa `printui /s /t2`, n'kusankha dalaiva wakaleyo, Remove, kenako Remove driver and driver package. Windows ikakana ponena kuti dalaivayo akugwira ntchito, spooler, gawo la Windows loyendetsa mzere wa ntchito zosindikiza, iyambitsidwenso n'kuyesa pomwepo.

Dalaiva

Mu windo loikira pulinta muli batani lolembedwa Windows Update, loti liwonjezere mndandanda wa madalaiva. Pa Windows 7 yomwe yakhala zaka osalandira zigamba, batani limeneli si lodalira. Limatha kuzungulira nthawi yaitali n'kubwera chimanjamanja. Ma browser nawo anaisiya Windows 7: Chrome inalekezera pa 109, Firefox pa 115 ESR, ndipo Internet Explorer yakale imalephera masamba ambiri a masiku ano. Chapafupi n'kutenga dalaiva pa laputopu n'kumunyamula pa flashi.

Apa pali msampha. Tsamba la kampani limazindikira lokha makina amene mwalowera, n'kukupatsani dalaiva wa Windows 10 wa 64-bit. Muyenera kusintha nokha, kusankha Windows 7 ya 32-bit, mogwirizana ndi zimene zalembedwa pa System type mukadina kumanja pa Computer n'kusankha Properties. Dalaiva wa 64-bit salowa pa Windows ya 32-bit mpang'ono pomwe. Foda yake mukailoza, Windows imangoti mulibemo dalaiva woyenera. Ndipo woyenera si watsopano kwambiri ayi, koma amene pa mndandanda wake pali Windows 7. Anasankhidwa dalaiva yekha wa PCL 6 (PCL ndi chilankhulo cha pulinta), osati phukusi lonse la mapologalamu. Phukusilo limadya bandulo, limaika timapologalamu toyenda mwakachetechete pa makina a 2 GB, ndiponso limayamba ndi kufufuza pulinta pa netiweki, chinthu chomwe tikuchizemba. Fayilo ya .exe inamasulidwa ndi 7-Zip mu foda ya `C:\Drivers\LaserJet`, popeza chofunika mkatimo ndi fayilo ya .inf.

Poika, Windows inachenjeza kuti Windows can't verify the publisher of this driver software. Dalaivayo anachokera pa tsamba lenileni la kampani, ndiye vuto silinali iye. Madalaiva amakhala ndi siginecha ya pa kompyuta yotsimikiza amene anawapanga. Kale inkapangidwa ndi njira ya SHA-1, koma inasiyidwa n'kulowa SHA-2, ndipo Windows 7 yosalandira zigamba sidziwa kuwerenga SHA-2. Mankhwala ake ndi zigamba ziwiri za mu 2019, KB4490628 ndi KB4474419, zopezeka pa Microsoft Update Catalog ngati mafayilo a .msu. Zimafuna Service Pack 1, ndipo pa makina a 32-bit tengani zolembedwa x86. Zitaikidwa, kompyuta n'kuyambitsidwanso, chenjezo lija silinabwerenso. Kudina Install this driver software anyway nthawi zina kumadutsa, koma ndiye kuti mwataya njira yokhayo yodziwira ngati fayiloyo sinasokonezedwe m'njira.

Pulinta iyi imamva PCL, choncho dalaiva wake akanasowa, wa LaserJet ina yakale ya PCL 5 amene ali kale mu mndandanda wa Windows 7 akanatha kutulutsa makalata wamba. Zimenezi sizitheka pa mapulinta ang'onoang'ono monga LaserJet 1020, amene ntchito yonse yojambula tsamba imachitikira mu kompyuta. Amenewo amafuna dalaiva wawo weniweni basi. Dalaiva wolakwika amadziwika msanga: pulinta imayamba kulavula mapepala, lililonse lili ndi mzere umodzi kapena iwiri ya zilembo zosamveka pamwamba, mpaka thireyi itatha. Zikatero chotsani mapepala mu thireyi, letsani ntchitoyo pa batani la pulinta ndi pa kompyuta pomwe, osangoizimitsa, chifukwa ikayakanso kompyuta imatha kutumizanso.

Kupanga poti

Pa Devices and Printers, Add a printer, pamabwera zosankha ziwiri. Yolembedwa network, wireless or Bluetooth imakopa maso, koma imayamba ndi kufufuza kuja. Yosankha ndi Add a local printer, ngakhale pulintayo ili pabalaza. Kwa Windows mawu amenewa amangotanthauza kuti kompyutayi iziyendetsa yokha mzere wa ntchito zake, osadutsira pa kompyuta ina.

Kenako Create a new port, mtundu wake Standard TCP/IP Port. Pa Hostname or IP address panalembedwa 192.168.8.50, ndipo chizindikiro cha pa Query the printer and automatically select the driver to use chinachotsedwa. Windows ikalephera kuzindikira chipangizocho imafunsa Additional port information required. Sankhani Custom, Settings, Protocol ikhale Raw, Port Number 9100. LPR, ya poti 515, ndi ya mapulinta ndi timabokosi takale tomwe sitilandira Raw, ndipo imafuna dzina la mzere, pano sinafunike. Pa mndandanda wa madalaiva panadinidwa Have Disk, n'kuloza foda ija. Pofunsa zogawana, Do not share this printer. Pepala loyesera linatuluka.

Zimene zinavuta pambuyo pake

Posakhalitsa chithunzi cha pulinta chinafiira mbuu, pansi pake Offline, ntchito zikungounjikana mu mzere. Ping inkayankha, telnet inkatsegula, ndipo Use Printer Offline pa menyu ya mzerewo inalibe chizindikiro. Zikafika potere woganiziridwa ndi SNMP, njira yofunsira zipangizo za pa netiweki mmene zilili. Poti ya Standard TCP/IP, kuwonjezera pa kutumiza ntchito pa 9100, imafunsanso pulinta za umoyo wake pa UDP 161, ndi dzina la community lakuti public. Ikapanda kuyankhidwa, Windows imalemba kuti pulinta kulibe n'kugwira ntchito zonse, ngakhale njira yosindikizira ili yotsegula. Pa kompyutayi mafunsowo ankatsekedwa ndi firewall ya antivayirasi wina wakale yemwe laisensi yake inatha kalekale. Atangoimitsidwa kwa kanthawi, pulinta inabwerera pa Ready, ndipo anachotsedweratu, Windows Firewall n'kusiyidwa yoyaka.

Njira yachidule yodziwika ndi kupita pa Printer properties, Ports, Configure Port, n'kuchotsa chizindikiro pa SNMP Status Enabled. Imagwira, ndipo pomwe gwero silikupezeka ndi yoyenera. Kungoti ikatero kompyuta sidziwanso msanga kuti mapepala atha kapena pulinta yazima; ntchito imangokhala mu mzere kenako n'kulemba Error. Popeza gwero linapezeka, SNMP inasiyidwa yoyaka.

Chachiwiri chinali cha mapepala. Kalata ikatumizidwa kuchokera mu Word, pulinta inkaima n'kupempha pepala la Letter, mpaka wina atapita pabalaza kukadina OK. Letter ndi pepala la ku America, la 216 × 279 mm, pamene a m'masitolo mwathu ndi A4, a 210 × 297 mm. Windows yoikidwa ndi chigawo cha United States imayamba ndi Letter paliponse. Malo okonza ndi angapo ndipo kukonza amodzi okha sikuthandiza: pa menyu ya pulinta kukula kwa pepala la mu thireyi, pa Device Settings, pa Printing Defaults ya mu Advanced, pa Preferences ya mu General, ndi mu Word momwemo pa Page Layout, Size, n'kuika A4 kuti ikhale yanthawi zonse. Zikalata zakale zimene zinasungidwa pa Letter zimakhalabe choncho mpaka chilichonse chitasinthidwa pachokha.

Pa Device Settings pomwepo, Duplex Unit inali pa Not Installed, n'chifukwa chake kusindikiza mbali zonse ziwiri sikunkaoneka pa zosankha. Inasinthidwa kukhala Installed.

Ntchito imodzi mwa zimene zinaunjikana nthawi ya Offline inakakamira pa Deleting, n'kutsekereza zonse za pambuyo pake. Pa `cmd` yotsegulidwa ndi Run as administrator panalembedwa `net stop spooler`, mafayilo onse a mu `C:\Windows\System32\spool\PRINTERS` anafufutidwa, foda yokhayo n'kusiyidwa, kenako `net start spooler`. Mafayilowo ndi a .SPL ndi .SHD, ntchito zodikira chabe, zikalata zenizenizo sizikhudzidwa.

Za kugawana kudzera pa laputopu

Eni nyumba anafunsa ngati sikukanaphweka kungolumikiza pulinta ku laputopu ndi USB n'kuigawa kwa kompyuta yaikulu. Ayi. Laputopu ikapita kusukulu, bambo sasindikiza. Komanso kuyambira mu September 2021 zigamba za chitetezo za Windows 10 zinakhwimitsa malamulo a kulumikizana kotereku, ndipo Windows 7 ikafuna pulinta yogawidwa ndi makina otero imakonda kubwezedwa ndi uthenga wa 0x0000011b. Pa intaneti pali malangizo osintha registry, nkhokwe ya masetingi a Windows, kuti uthengawo uchoke, koma kuteroko n'kuchotsa chitetezo chomwe zigambazo zinabweretsa. Pulinta yokhala ndi poti yake ya Ethernet sifunika mkhalapakati. Laputopu nayo inaikiridwa poti ya Standard TCP/IP ya 192.168.8.50 m'malo mwa ya WSD, poti imene Windows 10 inadzipangira itadzipezera yokha pulintayo, kuti makina onse awiri aziyenda njira imodzi, vuto likabwera lizifufuzidwa pamodzi.

Amene kompyuta yawo ili pa Wi-Fi aonenso dzina la netiweki imene alowa. Netiweki ya alendo, Guest, pa marauta ambiri imapereka intaneti yokha, osalola kufika ku zipangizo za m'nyumba, ndipo setingi ya AP isolation imachita zofananazo. Pa rauta pasatsegulidwe poti 9100 kupita kunja.

Kuyesa komaliza ndi zosiyira eni nyumba

Pepala loyesera lotuluka zonse zili zoyaka silitsimikiza kanthu pa nyumba yomwe magetsi amathimathima. Choncho zonse zinazimitsidwa pa soketi, UPS yomwe, kenako n'kuyatsidwa nthawi imodzi monga zimachitikira magetsi akabwera. Pepala la masetingi linaonetsabe 192.168.8.50. Rauta itamaliza kudzuka, kalata ya masamba anayi inatuluka kuchokera pa kompyuta yaikulu, pa A4, mbali zonse ziwiri, popanda wina kukadina kanthu pabalaza. Kunayesedwanso kutumiza ntchito pulinta itagona tulo tosunga magetsi. Inadzuka yokha, itatenthetsa fuser n'kusindikiza. SIM khadi itachotsedwa mu rauta kusindikiza kunapitirira, umboni kwa eni nyumba wakuti bandulo ikatha pulinta sikhudzidwa.

Pambali pa pulinta panamatidwa sitika yolembedwa adiresi, mask, gateway ndi mawu akuti adiresiyi inaikidwa pamanja. Dalaiva ndi zigamba ziwiri zija zinasungidwa mu `C:\Drivers` ndi pa flashi. Chimene chingadzagwetse makonzedwe amenewa ndi kusintha rauta. Yatsopano ikadzakhala pa 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, pulinta idzasowa kwa onse. Chachidule pamenepo n'kusintha adiresi ya LAN ya rauta yatsopanoyo kukhala 192.168.8.1, kugawa kwake n'kuyambira pa 100, ndipo palibenso china chokhudza. Ngati rautayo siilola, adiresi ya pulinta isinthidwe pa menyu yake, mwachitsanzo kukhala 192.168.1.50 ngati nambalayo ili kunja kwa chigawo chogawidwa, kenako pa kompyuta iliyonse alowe pa Ports, Configure Port, n'kulemba adiresi yatsopanoyo pa Printer Name or IP Address. Dalaiva safunika kuikidwanso.